Madzi saiwala khwawa: tione pulani mapuloti asanagulitsidwe

Awa ndi mawu amene tinayankhula pamsonkhano wathu wa achinyamata ku Area 25. Werengani, kenako tumizani kumagulupu ena.



Tiyambe ndi zomwe ambiri mwaziona ndi maso. Kumtunda kwathu kuno, pamalo otsetsereka pomwe madzi amadutsa polowera kudambo, pazikidwa mabikoni. Kampani ina yogulitsa malo ikufuna kudula mapuloti, ndipo madobadoba ayamba kale kutsatsa. Tikawafunsa za pulani, akuti zonse zili kwa akuluakulu.

Tisanamizane, ife sitikudana ndi nyumba ayi. Ambirife digiri ili m'chikwama, tikugonabe pabalaza kwa makolo, ena tikuzemba alandilodi mwezi ukatha. Puloti timaifuna kuposa wina aliyense. Funso lathu ndi limodzi basi: madzi adzapita kuti?

Mvula ikagwa patchire, nthaka imamwa, udzu ndi mizu zimawachedwetsa madziwo. Koma ukayala malata, simenti ndi mipanda ya njerwa popanda ngalande, madzi onse amatsika nthawi imodzi. Wakumtunda amangoboola mpanda wake kuti atuluke. Akatuluka amalowa m'nyumba ya wakumunsi, amadzaza zimbudzi zokumba, nyansi n'kumayenda m'njira momwe ana amasewera. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Sitinaiwale.

Kumbukirani phiri la Soche ku Blantyre. Linali nkhalango yotetezedwa. Anthu anagula malo, mitengo inatha, nyumba zinakwera phiri chaka ndi chaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zinatsika n'kukwirira mabanja ku Chilobwe. Agogo athu akadati kwadutsa Napolo. Koma Napolo sagawa mapuloti, abale. Amagawa ndi anthu, ena n'kuyang'ana kumbali.

Wina anena kuti, “Aise, ku 25 kulibe phiri ngati Soche.” Zoona. Koma madzi safuna phiri lalitali, amangofuna potsetsereka. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira, anthu a ku Mtandire anataya nyumba ndi katundu, konkuno ku Lilongwe. Pakalembera wa 2018 mzinda uno unali ndi anthu pafupifupi 990,000, ndipo ukukulabe. Malo abwino akutha, ndiye otsala ndi omwewa: m'madambo ndi m'malo otsetsereka.

Chomwe ambiri sitidziwa n'chakuti malamulo ali mbali yathu. Lamulo la mapulani a malo la 2016 silola kugawa mapuloti mumzinda popanda chilolezo, ndipo pempho lotere limaunikidwa ndi komiti yoona za mapulani. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa mmene zingakhudzire anthu ndi chilengedwe, ndipo bungwe la MEPA ndilo limayang'anira zimenezi. Palinso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Kufunsa pulani si kupempha chifundo, ndi ufulu.

Tsono tikupempha Khonsolo ya mzinda wa Lilongwe zinthu zitatu.

Choyamba, ngati pempho la mapulotiwa lafika, pulani yake ipachikidwe poyera kuno ku 25, pomwe mayi wogulitsa tomato pa Nsungwi atha kuiona.

Chachiwiri, komiti isanagamule, pachitike msonkhano ndi anthu okhala kumunsi, m'Chichewa, masana, osati kuhotela.

Chachitatu, ngalande, misewu ndi njira ya madzi mpaka kudambo zimangidwe puloti yoyamba isanagulitsidwe. Osati “tidzakonza”. Mawu amenewo tinakula nawo.

Nanga ifeyo? Sabata ino aliyense ajambule pomwe madzi amadutsa kwawo, ngalande zotsekeka ndi nyumba zomwe zinalowapo madzi, atumize kugulupu. Kalata yathu tikaipereka kwa akhansala ndi kukhonsolo, tonse titasayina. Amene makolo kapena achibale anu akufuna kugula puloti, auzeni aone kaye pulani yovomerezeka, asangokhulupirira risiti ya dobadoba.

Chonde mafana, wina asazule bikoni, wina asagende munthu. Tikatero nkhani isanduka ya apolisi, ya madzi iiwalika. Ngati sitiyankhidwa, tidzapereka chidziwitso kwa bwanamkubwa monga lamulo likunenera, ndipo tidzayenda pamsewu mwamtendere, mapepala athu ali m'manja.

Mvula sidikira komiti. Tiyeni tifunse lero, kusiyana n'kudzakumba matope ndi makasu pofunafuna abale athu.

Tumizani kwa anzanu.