Kholo Losadziwa Kuwerenga Lingathandizenso Mwana

Mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa makolo, mafumu ndi makomiti a sukulu m'boma lino

Kuyambira mu 1994, pamene boma linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale, ana akhala akuchuluka m'makalasi kuposa aphunzitsi owasamalira. Mphunzitsi wa Sitandade 1 amene ali ndi ana oposa 100 sangamve mwana aliyense akuwerenga payekha. Pulogalamu ya kuwerenga imene Unduna wa Zamaphunziro unakhazikitsa mu 2016 inabweretsa mabuku komanso njira yoyambira pa maliwu a malembo ndi maphatikizo. Ntchito yotsalayo ili pakhomo.

Makolo ambiri amadandaula kuti iwo eni sanapite patali ndi sukulu. Dandauloli ndi lomveka, komabe chimene mwana amasowa kwambiri ndi munthu womumvetsera. Mayi amene sadziwa lembo ngakhale limodzi Chichewa amachidziwa bwino. Mwana akamawerenga mokweza n'kunena "mbuzi ikudya mpisu", khutu la mayi limva msanga kuti pasokonekera, ndipo amuuza abwereze mpaka atchule "msipu". Akamaliza nkhani, amufunse kuti yanena za yani ndipo chachitika n'chiyani, pakuti alipo ana amene amatchula mawu bwinobwino koma tanthauzo osalimva. Agogo nawonso, ndi nthano ndi ndagi zawo, amapatsa mwana mawu amene adzakumane nawo m'buku.

Zowerenga sizisowa. Paketi ya shuga, thumba la feteleza, chikwangwani cha golosale ndi buku la nyimbo zonse zili ndi malembo. Kamtengo ndi dothi la pabwalo n'zokwanira kulembera ma, me, mi, mo, mu. Buku limene mwana wabwera nalo kuchokera kusukulu liikidwe m'jumbo kuopa mvula, koma lisatsekeredwe m'sutikesi poopa kulipira likang'ambika.

Mphindi 15 tsiku lililonse dzuwa lisanalowe n'zokwanira, makamaka m'makomo mopanda magetsi. Mtsikana apatsidwenso mphindi zimenezi. Mtsuko ndi mbale zimudikire. Mwana akalakwitsa asakalipiridwe, chifukwa wamantha amangoloweza pamtima kuti apulumuke.

Pofika Sitandade 5 pafupifupi phunziro lililonse limakhala m'Chingerezi, ndipo mwana amene Chichewa chomwe chikumuvuta kuwerenga amayamba kubwereza makalasi, ena n'kusiyiratu. Mafumu ndi makomiti a sukulu akupemphedwa kukamba nkhaniyi pa misonkhano ya m'midzi teremu ino isanathe.