Kusoketsa kwa Telala Kapena Kugula Zosoka Kale: Za Mapulogalamu a Kompyuta



Madzulo ano ndiyankha kalata ya aphunzitsi ena a ku sukulu ya sekondale. Iwo akuti sukulu yao idalandira makompyuta akale 20, onse oyendera Linux, ndipo udindo woŵasamala udagwera iwowo. Tsono anzao aŵiri aŵalangiza mosiyana. Wina akuti atenge mapulogalamu omangidwa kale, aike, ana ayambe kuphunzira. Wina akuti munthu wodziŵa ntchito amadzimangira yekha pulogalamu iliyonse, pakuti za eni sizidalirika. Aphunzitsiwo akufunsa kuti, “Nanga ndimvere yani?” Achita bwino kufunsa, popeza safunsa adadya phula, ndipo makompyutawo akaonongeka ovutika ndi ana.

Tiyambe ndi kumvetsa kuti kumanga pulogalamu n’kutani. Pulogalamu iliyonse imayamba ngati malangizo olembedwa ndi munthu m’chiyankhulo cha makompyuta, monga chija chotchedwa C, chimene Dennis Ritchie adakonza ku Bell Labs, m’dziko la America, cha m’ma 1972. Zolembazo amazitcha source code. Munthu wophunzira atha kuziŵerenga ndi kuzisintha, koma makina sazimva. Pamafunika womasulira, ndiye pulogalamu ina yotchedwa compiler, imene imasandutsa zolembazo kukhala manambala amene makina amatsata. Kumasulira kumeneku ndiko kumanga.

Tiyerekeze ndi zovala. Munthu wofuna malaya ali ndi njira ziŵiri. Atha kugula nsalu, napita nayo kwa telala pakhonde la sitolo, namuuza muyeso wake ndi kuchuluka kwa matumba amene afuna. Athanso kuloŵa m’sitolomo nagula malaya osoka kale, navala tsiku lomwelo. Source code ndiye nsalu ija. Pulogalamu yomangidwa kale, imene imabwera ngati phukusi, ndiye malaya a m’sitolo. Kusiyana kwake n’kwakuti pa kompyuta telala ndinu nomwe.

Kale anthu ambiri ogwiritsa ntchito Unix ankalandira mapulogalamu ngati nsalu. M’chaka cha 1976 Stuart Feldman, wa ku Bell Labs komweko, adalemba kachipangizo kotchedwa make, kamene kamadziŵa choyamba kumangidwa ndi chotsatira chake. Mu 1983 Richard Stallman adalengeza ntchito ya GNU, yofuna kuti munthu aliyense akhale ndi ufulu woŵerenga, wosintha ndi wogaŵira anzake mapulogalamu, ndipo mu 1987 adatulutsa compiler yaulere yotchedwa GCC. Pamene Linus Torvalds adayamba Linux ku Helsinki mu 1991, zida zosokera zinalipo kale.

Koma vuto silidachedwe kuoneka. Pulogalamu siima payokha: imadalira ina, nayonso inayo imadalira zina zisanu, ndipo iliyonse ifuna mtundu wakewake wa inzake. Munthu ankatha sabata akusakasaka zosoŵazo. Mu 1993 Ian Murdock adayambitsa Debian, gulu la anthu odzipereka amene amamanga pulogalamu kamodzi, naiyesa, naikulunga m’phukusi lolembedwa zonse zimene imadalira. Chipangizo chao chotchedwa APT chimatenga phukusilo pamodzi ndi zofunika zake zonse mwa lamulo limodzi. Debian 12, imene idatuluka mu 2023, inali ndi maphukusi oposa 60,000. Ena adasankha njira ya telala. FreeBSD idayamba dongosolo lake lotchedwa ports mu 1994, ndipo Gentoo, imene Daniel Robbins adatulutsa mu 2002, idadziŵika chifukwa eni makina ankamanga okha pafupifupi chilichonse.

Kodi womanga yekha apindulanji? Choyamba, amasankha zimene afuna, nasiya zimene safuna. Chachiŵiri, amalandira mtundu watsopano wa pulogalamu osadikira okonza maphukusi. Chachitatu, akapeza cholakwa atha kuchikonza yekha. Chachinayi, chimene ine ndiyesa chachikulu, amaphunzira m’mene zinthu zimalumikizirana m’kati mwa makina. Ena amanenanso kuti pulogalamu yomangira makina ako imathamanga koposa. Izi n’zoona pa ntchito zina zolemera za masamu, koma mwana wolemba chimangirizo kapena woŵerenga pa intaneti sangaone kusiyana kwake.

Komatu walira mvula walira matope. Kumanga pulogalamu yaikulu, monga ija yoŵerengera masamba a pa intaneti, kumatha maola ambiri pa kompyuta yakale, ndipo kumafuna malo ochuluka ndi magetsi osadukiza. Cholemera koposa chimadza pambuyo pake. Mu April 2014 kudapezeka chilema chotchedwa Heartbleed mu OpenSSL, pulogalamu imene imabisa mau achinsinsi akamayenda pa intaneti. Akuba akadatha kuŵerenga zinsinsi za anthu pa makina ambirimbiri. Amene adaika phukusi adangolamula makina kuti atenge lokonzedwa, nasintha makiyi ao. Amene adamanga okha adayenera kumva okha za ngoziyo, kukumbukira makina onse amene adaikamo pulogalamuyo, ndi kumanganso. Malaya osoketsa akang’ambika, sitolo silandira dandaulo.

Tsopano tifike pa mau a mnzao wachiŵiri uja, akuti za eni sizidalirika. M’mau ameneŵa muli choona. Mu 2006 mmodzi wa okonza maphukusi a Debian adachotsa mizere ingapo mu OpenSSL yomweyo, poyesa kuti akuchotsa zosokoneza. Zotsatira zake, makiyi achinsinsi opangidwa pa makina amenewo adakhala osavuta kuŵalota, pakuti pa mtundu uliwonse padatsala makiyi otheka pafupifupi 32,000 okha. Cholakwacho chidakhala zaka ziŵiri mpaka Luciano Bello, wa ku Argentina, adachitulukira mu 2008. Choncho wokonza phukusi nayenso ndi munthu, amalakwa.

Nanga kukhala ndi source code ndiko kutetezeka kodi? Mvetserani za 2024. Kapulogalamu kotchedwa xz, kamene kamapanikiza mafailo kuti achepe, kamapezeka pafupifupi pa makina onse a Linux. Munthu wina wodzibisa dzina adathandiza pa ntchitoyo zaka zoposa ziŵiri mpaka adakhulupirika, kenaka adabisa khomo lachinsinsi m’mitundu 5.6.0 ndi 5.6.1. Adalikwirira m’mafailo ooneka ngati oyesera chabe ndiponso m’malangizo omangira. Akatswiri adatenga source code imeneyo, naimanga, osaona kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m’kati muli nyerere. Adavumbula chiwembucho ndi Andres Freund mu March chaka chomwecho, ataona kuti kuloŵa m’makina ake kukuchedwa ndi theka la sekondi, nafufuza chifukwa chake. Ndipo taonani: amene ankagwiritsa ntchito Debian yokhazikika, ija ena amaiseka kuti mapulogalamu ake ngokalamba, sadakhudzidwe, chifukwa mitundu yoipayo inali ikadali m’gawo loyesera. Kuthamanga si kufika.

Phunziro lake Ken Thompson, mmodzi wa oyambitsa Unix, adalifotokoza kale mu 1984. Adasonyeza kuti ngakhale womasulira uja atha kuphunzitsidwa chinyengo, namaika khomo lobisika m’pulogalamu imene zolemba zake zilibe banga. Ndiye kuti palibe munthu angathaŵe kukhulupirira ena. Chimene angasankhe ndi anthu oŵakhulupirira ndi njira yoŵayesera. Kuyambira 2013 anthu a Debian ndi anzao akhala akulimbikira kuti aŵiri akamanga source code imodzi, aliyense kwao, zotuluka zake zifanane kotheratu. Zikafanana, tidziŵa kuti phukusi silidasinthidwe panjira. Umboni wa anthu ambiri ndiwo chitetezo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ngakhale a Gentoo, akatswiri a kusoka aja, mu December 2023 adayamba kupereka maphukusi ambiri omangidwa kale kwa ofuna.

Tsono, aphunzitsi, yankho langa ndi ili. Pa makompyuta 19 ikani maphukusi, ndipo muŵatenge ku nkhokwe yovomerezeka ya Linux yanu, kumene phukusi lililonse lili ndi chidindo chimene makina amayesa asanaike. Musatole mapulogalamu paliponse pa intaneti. Popeza intaneti njodula, konzani kuti kompyuta imodzi izisunga maphukusi amene yatenga, zinazo zizitenga kwa iyo. Patulani tsiku limodzi pa sabata lolandira zokonzedwa zachitetezo, ndipo musaliphonye.

Kompyuta ya 20 muipatule ikhale ya telala. Pamenepo ana ofuna atenge kapulogalamu kakang’ono, aŵerenge zolemba zake, asinthe liu limodzi, alamule configure, kenaka make, aone chimene chatuluka. Adzalakwa kangapo, ndipo m’kulakwamo adzadziŵa kuti pulogalamu imalembedwa ndi anthu onga iwo omwe. Ngati padzafunika kumanga pulogalamu imene m’nkhokwe mulibe, muiike pamalo pake padera, potchedwa /usr/local, kuti isasakanikirane ndi maphukusi. Mulembenso m’kope dzina lake, mtundu wake ndi tsiku, kuti wodzaloŵa m’malo mwanu adzadziŵe chimene ayenera kuchisamala yekha.

Anzanu aŵiri aja muŵathokoze onse, pakuti aliyense adagwira mbali imodzi ya choona. Inu omvera ena amene muli ndi mafunso otere, tilembereni, ndipo tidzayankha m’pulogalamu ikudzayi.