Kuuona Moto Usanayake: Ntchito ya Mlangizi M'madambo a Dzivarasekwa

Ndilankhula nanu za moto wa m'tchire, ndiponso za m'mene nzeru za makina zingatithandizire kuukonzekera.

Ambiri tikamva za moto wolusa timaganiza za mafamu akuluakulu akutali ndi tauni. Koma inu amene mumayendera alimi kuno ku Dzivarasekwa mukudziwa kuti pakati pa nyumba zathu ndi za ku Kuwadzana ndi Tynwald pali madambo. M'madambo amenewa mabanja ambiri, kuphatikizapo ana ndi zidzukulu za makolo amene anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, amalimamo chimanga, mbatata ndi ndiwo zamasamba. Pofika mwezi wa Ogasiti, udzu ndi mapesi zimakhala zitauma gwa, ndipo nyumba zatsopano za ku Dzivarasekwa Extension zayandikira kwambiri tchire limeneli. Mwana wosaka mbewa, mlimi wotentha mapesi kapena mayi wotentha zinyalala kuseri kwa nyumba angathe kuyatsa moto woti n'kufika pa khomo la munthu ozimitsa moto asanatuluke n'komwe pa chipata chawo.

Lamulo lilipo. Statutory Instrument 7 ya chaka cha 2007 inaletsa kuyatsa moto kutchire kuyambira pa 31 Julaye kufikira pa 31 Okotobala, ndipo m'zaka zaposachedwapa boma lakhala likutalikitsa nyengo imeneyi kufikira m'Novembala. Mwini malo ayenera kulambula mseu wotchinga moto wa mamita 9 m'lifupi m'malire ake. Koma lamulo silimuuza mlangizi kuti mwa madambo asanu amene amawayendera, loyamba kulambula ndi liti. Apa ndi pamene makina akutithandiza.

Chaka chilichonse nyengo ya moto isanayambe, bungwe la Environmental Management Agency (EMA) limatulutsa mapu osonyeza madera amene ali pa ngozi yaikulu. Mfundo yake ndi yosavuta. Zithunzi za setilaiti zimasonyeza kuchuluka kwa msipu umene wamera m'dzinja, ndipo kompyuta imaphatikiza zimenezi ndi mbiri ya malo amene anapsa m'zaka zapitazo. Motero chaka cha mvula yabwino, chimene mlimi amasangalala nacho, ndicho chimabweretsa moto woopsa, popeza udzu umakhala wautali ndi wothithikana. Sabata ya dziko lonse yokumbutsana za moto imachitika mwezi wa Meyi pa chifukwa chomwechi: ntchito yaikulu ndi ya nthawi imene udzu usanaumitsitse.

Tsono pali makina ena amene amaona moto ukayaka kale. Chida chotchedwa MODIS chinakwezedwa m'mlengalenga pa setilaiti ya Terra mu 1999 ndi pa Aqua mu 2002, ndipo china chotchedwa VIIRS chinatsatira mu 2011. Bungwe la NASA limaika pa intaneti, kwaulere, malo amene zida zimenezi zaona kutentha, patangopita maola ngati atatu. Ku South Africa, bungwe lofufuza la CSIR pamodzi ndi kampani ya magetsi ya Eskom linakonza njira yotchedwa AFIS, yotumiza uthenga pa foni moto ukaoneka pafupi ndi mawaya a magetsi.

Ndikufuna ndichedwepo pang'ono pamenepa, chifukwa ena a ife tayamba kukhulupirira makinawa mopitirira muyeso. Kadontho kamodzi ka MODIS pa mapu kamaimira malo a kilomita imodzi m'litali ndi m'lifupi, amene ndi mahekitala 100. Ka VIIRS kamaimira mamita 375, kapena kuti mahekitala pafupifupi 14. Makinawo angaone moto waung'ono kuposa pamenepo, koma sangakuuzeni kuti uli m'munda wa yani. Ndiponso setilaiti iliyonse mwa izi imadutsa pamwamba pathu pafupifupi kawiri pa tsiku, usana kamodzi ndi usiku kamodzi. Moto wa udzu wa m'dambo ungayake, n'kupsereza dimba, n'kuzima setilaiti isanabwerenso. Setilaiti za Meteosat zimayang'ana dera lathu mphindi 15 zilizonse, komatu zili kutali kwambiri kotero kuti moto waung'ono umazidutsa. Kwa famu ya mahekitala zikwizikwi, uthenga wa setilaiti ndi chenjezo. Kwa ife a m'malokeshoni, kawirikawiri ndi mbiri ya zimene zachitika kale.

Mbiriyo si yachabe ayi. Mukaika pamodzi timadontho ta zaka zisanu kapena khumi, mudzaona kuti moto umakonda kubwerera m'malo omwewo, m'miyezi yomweyo. Chimene chikusowa ndi zimene setilaiti sinaone, ndipo zimenezo zili ndi inu. Ndikupempha kuti mlangizi aliyense akhale ndi kabuku kolembamo moto uliwonse wa m'dera lake, ngakhale waung'ono: tsiku, ola, malo, kumene mphepo inkachokera, chimene chinauyambitsa ngati chadziwika, zimene zinapsa, ndi nthawi imene inadutsa thandizo lisanafike. Musalembe maina a anthu. Tikatero alimi adzayamba kutibisira. Kabuku kotere kakadzaza nyengo ziwiri, mudzakhala ndi umboni wopita nawo ku khonsolo ndi ku EMA popempha kuti mseu wakutiwakuti ulambulidwe poyamba.

Za tsiku ndi tsiku, mverani a zanyengo a ku Belvedere. Amene amayeza ngozi ya moto amaona kutentha, chinyezi cha mumpweya, liwiro la mphepo ndi masiku amene apita chigwereni mvula. Ozimitsa moto m'maiko ambiri ali ndi muyeso wosavuta kukumbukira: kutentha kukaposa madigiri 30, chinyezi chikatsika pansi pa 30 peresenti, mphepo n'kumathamanga kuposa makilomita 30 pa ola, tsikulo si loyatsa kanthu kalikonse. Masiku otere amachuluka mu Sepitembala ndi Okotobala. Uthenga ufike kwa atsogoleri a magulu a alimi m'mawa, dzuwa lisanakwere, osati utsi utaoneka kale.

Ndiponso kulosera kumatiuza tsiku loti tisalimbane ndi moto. Pa 10 Okotobala 2022, ku Esigodini m'boma la Umzingwane, anthu khumi anafa akuzimitsa moto wa m'tchire pa famu ina. Anali anthu a ntchito ngati alimi athu omwewa. Pa tsiku la ngozi yaikulu, munthu wonyamula nthambi yaiwisi kapena chiguduli chonyowa asaime kutsogolo kwa moto. Auzimitse kuchokera m'mbali ndi kumbuyo, ataima pa malo opsa kale, ndipo mphepo ikatembenuka achokepo, chimanga chipite.

Musanachoke m'chipinda muno, aliyense alembe pa pepala madambo a m'dera lake, dzina la mtsogoleri wa alimi pa dambo lililonse, ndi malo apafupi otungapo madzi m'mwezi wa Okotobala, zitsime zosazama zitaphwa. Mapepalawo tiwayerekeza ndi mapu a setilaiti tikabwera ku chakudya cha masana.