Vitamini C sachiza chifuwa chokoka mtima: zomwe ndinayankhula pamkumano wathu

Mwandipatsa mphindi khumi zokha, ndiye sindizungulira.

Pali uthenga womwe ukuyenda m'magulu a WhatsApp, ena mwa inu mwauona kale. Ukunena kuti mwana akadwala chifuwa chokoka mtima palibe chifukwa chothamangira kuchipatala, mungomumwetsa vitamini C wambiri, kaya wa mapiritsi, kaya mandimu, kaya madzi a malambe, basi achira. Mwina mukuti, ife tilibe ana, zikutikhudza bwanji? Koma kunyumba amene amagwira foni ndi ndani? Ndi ifeyo. Mayi kapena agogo akafuna kudziwa kanthu amati, “Iwe, tationera pa intanetipo.” Zimene tingawawerengere n'zimene akachite pa mwana.

Tigwirizane kaye chifuwa chomwe tikukamba. Chimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Bordetella pertussis, amene Jules Bordet ndi Octave Gengou anamupeza ku Belgium mu 1906. Kachilomboka kamakakamira m'njira ya mpweya n'kumatulutsa poizoni amene amawononga tiubweya ting'onoting'ono tomwe timasesa makhololo kuti atuluke. Sabata yoyamba kapena ziwiri zimangokhala ngati chimfine wamba: mamina, kuyetsemula, thupi kutentha pang'ono. Nthawi imeneyi ndi imene munthu amapatsira anzake kwambiri, chonsecho palibe akudziwa. Kenako kumabwera kutsokomola kondondoza, osapumira, mpaka mpweya kutha, maso kufiira, ndipo pokoka mpweya pamamveka kaphokoso kaja kamene kanapatsa matendawa dzina. Ana ambiri amasanza akatha kutsokomola. Mayiko ena amachitcha chifuwa cha masiku 100, poti chimatha miyezi iwiri kapena itatu.

Apa mvetserani bwino. Khanda la miyezi iwiri kawirikawiri silichita phokoso limenelo. Ena satsokomola n'komwe kwenikweni. Amangosiya kupuma kwa kanthawi, milomo n'kusintha mtundu, kenako n'kuyambanso. Amene amamwalira ndi matendawa ambiri ndi makanda otere. Ngakhale ku England, komwe zipatala n'zapamwamba, mu 2024 makanda osachepera 10 anamwalira nacho chifuwachi.

Nanga za vitamini C zinachokera kuti? Sizinayambe dzulo ayi. M'zaka za m'ma 1930 madokotala ena ku Japan ndi ku Canada anamwetsa vitaminiyu ana ochepa odwala chifuwachi, n'kulemba kuti anaona kusintha. Nthawi imeneyo mankhwala opha bakiteriya omwe tili nawo lerowa kunalibe, ndiye munthu ankayesa chilichonse. Vuto lake n'loti sanayerekezere bwino ana omwa ndi osamwa, ndipo kuchokera nthawi imeneyo palibe kafukufuku wodalirika amene anatsimikiza kuti amachiza. Kenako mu 1970 Linus Pauling, katswiri wa chemistry yemwe anapata mphotho ya Nobel kawiri, analemba buku lotamanda vitamini C pa chimfine, dziko lonse n'kutengeka. Munthuyo anali wanzeru, sindikana. Koma iye ankakamba za chimfine, ndipo ngakhale pa chimfinepo, kafukufuku wotsatira anapeza kuti kuyamba kumwa utadwala kale sikuthandiza kwenikweni.

Ifenso tinazionapo. Mukukumbukira Januwale wa 2021, Covid itavuta, mmene mandimu ndi jinja zinakwerera mtengo mumsikamu? Aliyense anasanduka dokotala.

Wina anena kuti, “Koma mwana wa aneba athu anamwa ndipo anachira.” Inde anachira, tithokoze. Kungoti chifuwachi, kwa mwana wamkulu wamphamvu zake, chimazilala chokha pakapita masabata. Ndiye chilichonse chomwe munamupatsa sabata yachisanu ndi chimodzi, kaya ndimu kaya tiyi, chimaoneka ngati ndicho chagwira ntchito. Komanso makolo amene zinawavuta salemba mauthenga a pa WhatsApp. Timangomva mbali imodzi.

Musandimve molakwika, sindikunyoza vitamini C. Thupi limamufuna kuti zilonda zipole, nkhama zikhale zolimba, komanso kuti litenge bwino ayironi wa m'masamba monga bonongwe ndi chisoso. Koma munthu wamkulu amangofunika mamiligalamu 75 mpaka 90 patsiku, ndipo gwafa mmodzi wabwino amakwanitsa zimenezo. Malambe, masawu, malalanje, mango, tili nazo pompano. Wotsalayo thupi silisunga, limataya mumkodzo. Kunena mosabisa, mukagula mapiritsi okwera mtengo n'kumamwa ambirimbiri, ndalama zanuzo mukukazisiya kuchimbudzi. Wamkulu akapitirira mamiligalamu 2,000 patsiku amatha kutsegula m'mimba, ena mpaka timiyala mu impso. Chomwe chinandikwiyitsa kwambiri n'choti olimbikitsa njirayi ena amati muzimwetsabe mpaka mwana ayambe kutsegula m'mimba, eti ndiye kuti mlingo wakwana. Taganizani: mwana akusanza kale, sakuyamwa bwino, ndiye mumuonjezere kutsegula m'mimba? Madzi m'thupi atsala angati? Ndiponso mwana wosakwana miyezi 6 amafunika bere lokha, osati madzi a mandimu. Uchi nawo sapatsidwa mwana wosakwana chaka.

Kuchipatala amapereka mankhwala monga erythromycin kapena azithromycin. Ndinene zoona zake, poti ena amakhumudwa nazo: mankhwalawa akachedwa kuyambidwa, kutsokomola sikusiya msanga, chifukwa tiubweya tija taonongeka kale ndipo timatenga nthawi kuti tibwerere. Apa m'pamene anthu amati, “Mwaona, zachipatala zakanika.” Sizinakanike. Mankhwalawo apha bakiteriya, ndipo pakatha masiku 5 akumwa, wodwalayo sapatsiranso ena. Popanda mankhwala amakhala akufalitsa mpaka pafupifupi masabata atatu chiyambireni kutsokomola, m'nyumba, m'minibasi, kutchalitchi, kumzikiti. Khanda lobanika limafunika oxygen ndi maso a anamwino usiku wonse, zomwe ndimu sangapereke. Bwaila ili pompa, Kamuzu Central si kutali. Anzathu akumudzi amapalasa njinga maola kuti apeze zimene ife tingazifikire wapansi.

Katemera alipo, ndipo ndi waulere m'zipatala za boma. Kuno ku Malawi kuyambira mu 2002 ana amalandira jakisoni mmodzi woteteza matenda asanu, kuphatikizapo chifuwa chokoka mtima ndi kafumbata. Amabayidwa pantchafu katatu: ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Ambiri a ife tili muno tinabayidwa ameneyu. Koma mphamvu yake imachepa zaka zikamapita, ndiye mnyamata wa zaka 19 akhoza kudwala, n'kumangoti “kachifuwa aka kandivuta,” akupitabe kumpira, madzulo n'kukanyamula kamwana ka achemwali ake komwe sikanamalize katemera. Nthawi zambiri makanda amatengera matendawa kwa anthu a m'nyumba momwemo.

Ndiye ngati mwatsokomola masabata awiri osasiya, pitani mukayezetse. Mwina si chokoka mtima, mwina ndi TB, ndipo nayonso safuna kuchedwa. Pakadali pano musapsompsone khanda, ngakhale mayi ake akunyadireni bwanji. Mukaona mwana akubanika, akukana bere, akusanza akatsokomola, kapena wasiya kupuma ngakhale kamphindi, musadikire kuti kuche.

Pomaliza ndili ndi ntchito yoti ndikupatseni, wapampando andikhululukire. Amene kwanu kuli mwana wosakwana chaka, mukapemphe mwaulemu kabuku kake ka kusikelo. Pezani pomwe palembedwa Penta kapena DPT, P ameneyo ndiye pertussis, ndipo muwerenge ngati masiku alembedwa katatu. Ngati mwana wapitirira masabata 14 koma pena palibe kanthu, sikuti ayambiranso poyamba, amangopitiriza pomwe analekera. Loweruka likubwerali tidzamve kuti mwapeza zotani. Amene ali ndi mafunso afunse.