BWALO LA MPIRA LIMAYAMBIRA PA MSEU



Ndikufuna kulankhula nanu pa nkhani imene ena angaiyese yaing'ono chifukwa ndi ya mpira. Koma aliyense amene anakwerapo minibasi Lolemba m'mawa, matimu atasewera Lamulungu, akudziwa kuti palibe nkhani imene imatenthetsa mitima ya anthu athu ngati imeneyi. Funso limene ndabwera nalo ndi ili: bwalo la mpira liyenera kumangidwa pati, ndipo anthu azikafikako bwanji?

Ambiri mwa inu mukukumbukira mkangano umene unalipo bwalo la Bingu National Stadium lisanamangidwe. Ochemerera mpira a ku Blantyre ankati bwalo latsopano liyenera kukhala kwao, ndipo zifukwa zao zinali zomveka. Matimu awiri okhala ndi otsatira ambiri m'dziko muno, Big Bullets ndi Mighty Wanderers, kwao ndi ku Blantyre. Ankanenanso kuti bwalo la Kamuzu pa Chichiri, pamene mbendera yathu inakwezedwa pa 6 July 1964, linali litakalamba ndipo linkafunika lina lolowa m'malo mwake.

A ku Lilongwe naonso sanakhale chete. Iwo ankati likulu la dziko linachoka ku Zomba kudza ku Lilongwe mu 1975, ndipo sikunali koyenera kuti likulu likhale lopanda bwalo lolandirirapo alendo a maiko ena. Ankakumbutsanso kuti munthu wa ku Mzuzu amayenda makilomita oposa 600 kuti akafike ku Blantyre, pamene ulendo wa ku Lilongwe ndi pafupifupi theka la mtunda umenewo. Mzinda umene uli pakati pa dziko, iwo ankatero, ndiwo ungasonkhanitse Amalawi a zigawo zonse zitatu.

Mkanganowo unatha. Bwalo linamangidwa ku Area 48 ku Lilongwe ndi ngongole ya pafupifupi madola 70 miliyoni a ku America yochokera ku dziko la China, ndipo linatsegulidwa mu January 2017. Lili ndi malo okhalapo anthu pafupifupi 41,000. Kunena zoona, latichotsa manyazi. Mu June 2022 timu ya Ethiopia inalandirira alendo ake a ku Egypt pa bwalo lathuli n'kuwagonjetsa 2-0, ndipo mu June 2024 timu ya Kenya nayonso inalandirira alendo ake pomwepa pa masewero ake ndi Burundi ndiponso Ivory Coast.

Tsono, amayi ndi abambo, chimene ndikufuna kuti tilingalire lero ndi ichi. Pa nthawi yonse imene tinkatsutsana za dzina la mzinda, ndi angati mwa ife amene anafunsa za mseu, za basi ndi za chipata? Tinkalankhula ngati kuti munthu akangofika mu mzinda ndiye kuti wafika pa mpando wake. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Amene walira bwalo la anthu 41,000 waliranso miseu ndi magalimoto zotengera anthu 41,000 amenewo, popita ndi pobwerera.

Tiyeni tiyerekeze mabwalo awiriwa. Bwalo la Kamuzu lili m'mbali mwa mseu waukulu wa Masauko Chipembere, umene umalumikiza Blantyre ndi Limbe. Minibasi zimadutsa pamenepo tsiku lonse, kaya kuli mpira kaya kulibe, ndipo anthu a ku Chitawira, ku Naperi ngakhale ku Ndirande amatha kufikako wapansi. Lilongwe ndi mzinda womwazikana. Munthu wa ku Kawale, ku Area 23, ku Area 36 kapena ku Chinsapo kawirikawiri amayamba wakwera minibasi yopita ku depoti, kenaka n'kukwera ina, ndipo mwina n'kumalizira pa kabaza. Asanagule tikiti yolowera, walipira kale kawiri kapena katatu, ndipo m'thumba ayenera kusungamo zina zobwererera. Amene ali ndi galimoto yake sazidziwa zimenezi, koma si iye amene amadzaza bwalo. Bwalo limadzazidwa ndi mlonda, mmisiri, wogulitsa pa msika ndi mwana wa sukulu.

Tiwerengere limodzi. Tinene kuti bwalo ladzaza, ndipo anthu 20,000 okha ndiwo akufuna kukwera minibasi mpira ukatha. Minibasi imodzi ikatenga anthu 15, pakufunika maulendo oposa 1,300. Basi yaikulu ya anthu 65 ingatenge chikhamu chomwecho pa maulendo pafupifupi 300. Kumbukiraninso kuti anthu amabwera pang'onopang'ono kuyambira m'mawa, koma amatuluka onse nthawi imodzi. M'miyezi ya June ndi July dzuwa limalowa msanga, kotero kuti mayi amene wabwera ndi ana ake amapezeka ali m'mbali mwa mseu kuli mdima, akulimbirana malo ndi anyamata amphamvu, mtengo wa ulendo nao utakwera. Mayi wotere sabweranso, ndipo kenaka timadabwa kuti mipando ili yopanda anthu.

Pali chinthu china cholemera kuposa ndalama ndi kutopa, ndipo ndichinena ndi chisoni. Pa 6 July 2017, tsiku limene tinkakondwerera kuti tatha zaka 53 tili pa ufulu wodzilamulira, anthu ambirimbiri analawirira ku bwalo la Bingu kukaonerera mpira wa pakati pa Big Bullets ndi Silver Strikers. Zipata zinachedwa kutsegulidwa, chikhamu chinakula kunja, ndipo pamene anthu anayamba kukankhana kuti alowe, anthu 8 anafa mopondedwa. Mwa iwowa, 7 anali ana. Ena ambiri anavulala. Bwalo linali latsopano, losakwana ngakhale miyezi 6 chitsegulire. Makoma ake anali olimba ndipo mipando inali yokwanira. Chimene chinalephereka ndi dongosolo la kafikidwe ndi kalowedwe ka anthu. Madzi akatayika saoleka, koma tingakhale anthu osaganiza ngati imfa za ana amenewa sizinatiphunzitse kanthu.

N'chifukwa chake ndikunena kuti bwalo la mpira limayambira pa mseu, ndipo limathera pa khomo la nyumba ya wochemerera akabwerera kwao ali wamoyo. Ntchito imeneyi si ya bungwe la mpira la FAM lokha. Mutu umodzi susenza denga. Ambiri mwa inu muli m'maofesi amene angachitepo kanthu, choncho ndiloleni nditchule zinthu zinayi.

Choyamba, pa tsiku la masewero aakulu, khonsolo ya mzinda ndi eni mabasi azigwirizana kuti pakhale mabasi ochokera m'madera okhala anthu ambiri kulunjika ku bwalo, osadzera ku depoti, ndipo mtengo wake uzilengezedwa pa wailesi tsikulo lisanafike.

Chachiwiri, pakhale malo odziwika oimikapo minibasi ndi ena a akabaza, otalikirako pang'ono ndi zipata, ndiponso njira za oyenda pansi zokhala ndi magetsi, kuti munthu asamalimbirane mseu ndi galimoto.

Chachitatu, matikiti azigulitsidwa masiku angapo mpira usanachitike, m'malo osiyanasiyana mu mzinda. Ngakhale pa tsiku lolowa ulere, anthu azilandiriratu matikiti, kuti chiwerengero cha obwera chisapitirire chiwerengero cha mipando.

Chachinayi, zipata zonse zizitsegulidwa pa nthawi imene yalengezedwa, ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwika amene ali ndi udindo umenewu. Chikhamu chimene chikuyenda sichivuta kuchisamala. Choopsa ndi chikhamu chimene chaimitsidwa pa chipata chotseka, a kumbuyo asakudziwa zimene zikuchitika kutsogolo.

Mabwalo ena adzamangidwa ndithu, ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma ena, ndipo mikangano ya malo idzabukanso. Palibe cholakwika kuti anthu azinyadira kwao. Koma inu amene mudzakhale pa misonkhano yokonza mapulani, musadzavomere malo chifukwa chakuti ndi aakulu kapena otchipa basi. Mudzafunse kuti pali mtunda wotani kuchokera kumene anthu amakhala, pali miseu ingati yolowera ndi yotulukira, ambulansi idzadzera pati miseu ikadzaza, ndiponso kuti munthu wopanda galimoto adzalipira zingati popita ndi pobwerera. Mayankho a mafunso amenewa adzapezeke njerwa yoyamba isanaikidwe, ndipo ndalama za mseu zidzakhale m'bajeti imodzi ndi ndalama za bwalo.

Kwa ochemerera mpira ndikuti, pitirizani kukonda matimu anu, koma mau anu amveke pa nkhani ya mabasi ndi zipata monga momwe amamvekera pa nkhani ya woimbira mpira. Lawirirani, imani pa mzere, ndipo mwana amene mwabwera naye mugwireni dzanja mpaka mutakafika naye kunyumba.