Madzi a m'nkhungu: ukonde ugwire ndani?



Tiyambe ndi funso: ndi angati muno amene anadzukapo 4 koloko m'mawa kukaimika chigubu pamzere wa kiyosiki? Eya, manja ndi ambiri. Mu 2016 bungwe la UNICEF linanena kuti amayi ndi atsikana padziko lonse amataya maola 200 miliyoni tsiku lililonse potunga madzi. Linatchulanso Malawi: mayi wotunga madzi amatha mphindi 54, pamene bambo amatha 6 zokha. Ndiye tikamva kuti anthu ena akukolola madzi m'nkhungu, nkhaniyi ndi yathu.

Nzeruyi anaitengera ku chilengedwe. M'chipululu cha Namib muli zikumbu zimene m'mamawa zimakwera pamwamba pa mchenga, n'kuweramitsa mutu, msana uli kumphepo. Nkhungu ikagunda msanawo imasanduka madontho, madonthowo n'kutsetserekera kukamwa. Kangaude nayenso ndi mphunzitsi. Mu 2010 asayansi a ku China anaonetsa kuti ulusi wake ukanyowa umapanga timfundo, ndipo timadontho timayenda tokha kukasonkhana patimfundopo mpaka dontho litakula n'kugwa. Lero akatswiri akupanga ulusi wotsanzira zimenezi, kuti ukonde uzigwira madzi msanga komanso kuwataya msanga m'ngalande, asanaume ndi dzuwa.

Tsono tipite ku Morocco. Paphiri la Boutmezguida, kufupi ndi Sidi Ifni, bungwe la Dar Si Hmad, limene mmodzi mwa oyambitsa ake ndi mayi Jamila Bargach, linaimika maukonde akuluakulu. Mphepo yochokera kunyanja ya Atlantic imakankha nkhungu kudutsa mu ukonde, madzi amadonthera m'ngalande, kenako mapaipi amawatsitsira m'midzi. Pokolola madziwo sipafunika magetsi. Amayi amene ankatha maola atatu kapena kuposa patsiku akusaka madzi anayamba kungotsegula mpopi pakhomo. Mu 2016 ntchitoyi inalandira mphoto ya United Nations pa nkhani za kusintha kwa nyengo.

Koma mvetserani apa. Amayi ena poyamba sanaombe m'manja ayi. Kwa iwo, ulamuliro wa madzi unali m'manja mwawo kuyambira kalekale, ndipo anaopa kuti madzi akalowa m'mapaipi, mawu awo athera pomwepo. Bungwelo linayenera kukhala nawo pansi, n'kuwaphunzitsa kuyang'anira madziwo komanso kutumiza uthenga pafoni pakaonongeka china.

Ku Chile zinayenda mosiyana. Mudzi wa Chungungo unayamba kumwa madzi a m'nkhungu mu 1992, koma patadutsa zaka pafupifupi khumi maukonde anali atang'ambika, opanda owasoka. Eni mudzi sanaione ntchitoyo ngati yawo. Eti sizikutikumbutsa mijigo ija yangokhala phee chifukwa cha kachitsulo kamodzi?

Tisanamizane, ukonde sugwira ntchito paliponse. Umafuna phiri, mphepo ndi nkhungu yobwera pafupipafupi. Ku Mulanje, Thyolo ndi Zomba chiperoni timachidziwa, koma ku Area 25 kapena ku Nsanje ukonde sungathetse mzere wa zigubu. Chimene tikutengapo ndi phunziro lakuti makina a madzi amakhalitsa ngati otunga madziwo ali ndi mawu komanso luso lowakonza.

Ndiye tichite zitatu. Choyamba, tilowe m'makomiti a madzi m'madera mwathu, osati kukangolemba maminitsi, koma kukakhala wapampando ndi msungichuma. Chachiwiri, pakabwera maphunziro okonza mjigo kapena mpopi, tilembetse mayina, sipanala tiigwire tokha. Chachitatu, mng'ono wathu akati akufuna kuphunzira sayansi kapena uinjiniya ku MUST kapena ku MUBAS, tisamuseke. Tigawane ntchito yotunga madzi ndi alongo ake kuti naye apeze nthawi yowerenga.

Fufuzani sabata ino kuti komiti ya madzi kwanuko ili ndi amayi angati, ndipo ali pamipando iti. Mutilembere m'makomenti.