JOINI YOIPA IMAOTCHA NYUMBA

Mau amene mmisiri wa magetsi anakamba kwa ophunzira a sukulu ya kwacha m'boma la Chiradzulu

Ine ndine mmisiri wa magetsi. Ndabwera kuti ticheze za sola.

Magetsi a pa Nkula, pa mtsinje wa Shire, anayamba kuyaka m'chaka cha 1966. Koma kalembera wa mu 2018 anapeza kuti nyumba 11 zokha pa nyumba 100 zilizonse ndizo zinali kuunikira magetsi a ESCOM. Nchifukwa chake ambiri tathaŵira ku dzuŵa. Mukayenda ku Namitambo, ku Mbulumbuzi, pa Njuli kapena ku Thumbwe, muona sola pa madenga. Nazo timatchaja foni, timamvera wailesi, ndipo ana amaŵerenga usiku. Ngakhale dziko lathu lili ndi munda waukulu wa sola ku Salima, umene unatsegulidwa mu 2021.

Pogula sola, tonse timafunsa za kukula kwake ndi mphamvu ya batire. Koma ndani amafunsa za polumikizira mawaya, paja timati pa joini? Palibe. Chonsecho pamenepo ndi pamene moto umayambira.

Tsiku lina ndinaitanidwa ku mudzi wina. Ndinapeza denga la udzu litapsa mbali imodzi, pamodzi ndi matumba a chimanga. Mwai wake anthu onse anatuluka amoyo. Mwini nyumba anati, "Amisiri, sola iyi njabodza." Nditayesa solayo, inali bwinobwino. Batire nalonso linali bwino. Vuto linali m'denga. Waya anali atafupika, tsono bamboyo anaonjeza wina. Anangopotokola mawaya aŵiriwo ndi manja, nkukulunga ndi pepala la jumbo, nkumanga ndi legeni. Joini imeneyo anaibisa mu udzu.

Kodi joini imatentha bwanji? Taganizani za mbuzi m'maŵa. Khomo la khola likakhala lalikulu, zimatuluka bwino. Likakhala laling'ono, zimapanikizana ndi kukhulana. Magetsi nawonso ali chimodzimodzi. Joini ikakhala yolimba, amadutsa mosavuta. Ikakhala yogwedera kapena ya dzimbiri, njira imachepa, ndipo pamalopo pamatentha. Kutenthako kumasungunula pulasitiki. Pulasitiki ikasungunuka, mawaya amakhudzana nkuchita shoti.

Pali chinanso. Magetsi a ESCOM amapita uku ndi uku, kubwerera maulendo 50 pa sekondi imodzi. Chifukwa cha ichi, akathetheka moto wake sukhalitsa. Koma magetsi a sola ndi a batire amayenda njira imodzi yokha. Akayamba kuthetheka pa joini sazima msanga, amangoyaka ngati moto wa oŵotcherera zitsulo. Ena amati, "Batire langa ndi la 12 volts basi, siligwira munthu." Nzoona, siligwira. Koma likachita shoti limafiiritsa waya ngati khala.

Tsono tiyeni tione malo atatu amene pamakhala joini.

Malo oyamba ndi kumbuyo kwa sola. Pa sola zambiri zokulirapo pamatuluka mawaya aŵiri okhala ndi timitu takuda. Timitu timeneti dzina lake ndi MC4. Anayamba kutipanga ndi a kampani ya Multi-Contact ya ku Switzerland. Kamodzi nkachimuna, kena nkachikazi. Mukatiloŵetsana, timalira kuti "kha!" Ngati simunamve kulirako, sitinagwirane. Pa kamodzi mwa timituti pali kamphira kozungulira kotsekereza madzi. Musadule timitu timeneti kuti mupotokole waya ndi manja. Ndiponso musakwatitse kamutu ka kampani ina ndi ka kampani ina. Pamaso timaoneka tofanana, koma m'kati zitsulo zake sizigwirana bwino.

M'misika mwadzaza timitu totsika mtengo. Tonyezimira ndithu. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kamutu kachinyengo kamakhala ndi kachitsulo kopyapyala, ndipo pulasitiki yake imang'aluka ndi dzuŵa. Ikang'aluka, mvula imaloŵa, dzimbiri nkuyamba. Inu mwaphunzira kuŵerenga tsopano. Ŵerengani dzina la kampani pa kamutupo, ndipo onani ngati likufanana mbali zonse ziŵiri. Uzani wogulitsa akulembereni lisiti. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo limayang'anira ubwino wa katundu m'dziko muno, koma silingafike pa benchi iliyonse ya mumsika. Maso anu ndiwo mlonda woyamba.

Malo achiŵiri ndi pa kabokosi kamene kamakhala pakati pa sola ndi batire. Amisiri timakatcha kontirola. Ntchito yake nkuletsa batire kudzaza mopitirira muyeso. Ambiri amakakana poopa mtengo, nkulumikiza sola ku batire mwachindunji. Batire lotero silikhalitsa. Pa kabokosika pali timasikuluwu. Waya aloŵe yense, osatsala tingusi kunja, ndipo sikuluwu imangidwe zolimba. Polumikiza, yambani batire, kenaka sola. Pochotsa, yambani sola, kenaka batire.

Malo achitatu ndi pa mitu ya batire. Apa ndipo ndimaona zodabwitsa. Ena amangokoloŵeka waya, ena amapanira ndi chopanira zovala. Ayi ndithu. Gulani zomangira za chitsulo zokhala ndi bauti. Waya wofiira apite pa chizindikiro cha +, wakuda pa chizindikiro cha −. Pafupi ndi mutu wa + payikidwe fyuzi. Fyuzi ili ngati mlonda: shoti ikachitika, imapsa ndi iyo, nyumba nkupulumuka. Ikapsa, gulani ina yofanana nayo. Musaikepo msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Mukaona ufa woyera kapena wobiriŵira pa mitu ya batire, chotsani mawaya, palani ufawo, mumangenso. Batire likamatchaja limatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka, choncho likhale pamalo popita mphepo, kutali ndi koloboyi ndi mbaula.

Za waya nazonso ndinenepo. Waya wa sipika ndi woonda, sayenera kunyamula magetsi a sola. Gulani waya wonenepa wa kopa. Podutsa pa malata, muvekeni kapaipi kuti lata lisamudule. Musamubise mu udzu, chifukwa makoswe amamutafuna inu osaona.

Kamodzi pa mwezi, masana dzuŵa lili pamutu, yendani m'nyumba mwanu. Gwirani kunja kwa joini iliyonse yokutidwa bwino. Ikhale yozizira kapena yofunda pang'ono. Ngati ikuotcha chala, pali vuto. Nunkhizani ngati pakumveka fungo la pulasitiki yopsa. Babu ikamaphethira, kaŵirikaŵiri ndi joini yogwedera. Musasolole timitu ta MC4 magetsi akuyenda. Yambani mwazimitsa zonse, ndipo phimbani sola ndi chiguduli chokhuthala. Ngati sola yanu inali pa denga nthaŵi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 ndipo sinaonedwepo, iyenera kuonedwa mvula isanagwe.

Moto ukabuka pa batire kapena pa mawaya, musathire madzi. Thirani mchenga kapena dothi louma. Koma choyamba tulutsani ana ndi okalamba.

Pomaliza, ntchito ikakukulirani, itanani mmisiri. Bungwe la MERA ndilo limapereka ziphaso kwa oika magetsi. Mufunseni mmisiriyo akuonetseni chiphaso chake, ndipo muŵerenge nokha dzina lake. Musachite manyazi, paja safunsa anadya phula. Fyuzi ndi zomangira zabwino mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi denga ndi chimanga cha chaka chonse.

Mukafika kunyumba lero, kaoneni joini zanu. Amene apeze yokulungidwa ndi jumbo adzandiuze pa msonkhano wathu wotsatira, tidzakonzere limodzi.